Mbewu ya M'mphako

Kuseri kwa nyumba yanga, kumudzi kwathu kufupi ndi Nsanama, kunali mtengo wa tsanya wowola m'kati. Amene anauwoletsa ndine. Nditangolowa m'banja ndinkasesera zinyalala patsinde pake n'kumazitentha pomwepo, poti dzala linali kutali ndipo ulesi woyenda ndinachita kubadwa nawo. Moto unadya khungwa mbali imodzi, mvula inalowa pabalapo, chiswe n'kudzamaliza ntchito. Pofika chaka cha njala chija, mtengowo unali ndi mphako yoyambira m'mawondo, yoti ukapisamo mkono mpaka phewa sukhudza pothera. Kunja unkaoneka wabwinobwino, masamba ali biriwiri. Koma unapendekera kunyumba, mbali ya chipinda chimene ankagona ana anga atatu.

Bambo a kunyumba kwanga anali ocheka matabwa, kwawo ku Balaka. Anabwera kwathu chikamwini, atanyamula macheka, nkhwangwa, njinga ndi malaya awiri. Anali munthu wofatsa mokwiyitsa. Ukamawalalatira ankakuyang'ana ngati akumvera nkhani pa wailesi, ukamaliza n'kuti, "Ndamva, mayi." Ine pakamwa panga anthu a kwathu amapadziwa, ndiye muone nokha kuti m'nyumbamo amene ankatopa anali ndani.

Anali ndi chizolowezi chimodzi: sankadutsa mtengo waukulu osaugogoda. Ankaumenya ndi kumbuyo kwa nkhwangwa, n'kuyandikiza khutu. Wamoyo umati ndi! ndi! Wowola umalira ngati mgolo wopanda madzi. Akakhala opanda nkhwangwa ankatola mwala. Ngakhale pamaliro, anthu tili duu, unkangomva go! go! kuseri, n'kudziwa kuti amuna anga afika. Tsanya wathuyo anamugogoda kalekale n'kundiuza kuti, "Mayi, mtengo uwu ndi chikopa chokha, tsiku lina udzatiphwanyira nyumba." Koma kuudula sakanaudula. Malo anali anga, osiyiridwa ndi mayi anga, ndipo mkamwini sagwetsa mtengo wa pakhomo mwini wake asanalole. Ine ndinkati tidzaona, iwo n'kuti amva. Zaka zisanu ndi chimodzi zinadutsa choncho.

Ku Balaka anasiyako achemwali awo, alamu anga, mayi wamasiye wa ana anayi. Pamwambo wathu ana amenewo ndiwo mbumba ya amuna anga. Akadwala, akasowa chakudya, woyang'aniridwa ndi iwo. Ana anga atatuwa mwini wake ndi achimwene anga. Mwambowu sindikuutsutsa, ndinakuliramo. Chovuta n'choti amuna anga ankausunga ndi mtima wonse, pomwe achimwene anga ankaukumbukira pakakhala nyama basi.

Chaka chimenecho mvula inatichita chipongwe. Inakokolola poyamba, n'kudula chimanga chikumasula. Pamunda pomwe tinkapeza matumba khumi ndi awiri tinapeza atatu, lachitatulo losadzaza. Ndinasankha zimanga zikuluzikulu za mbewu, cha makolo chimene mayi anga ankadzala, n'kuzimanga ndi makoko ake mitolo isanu. Ndinazipachika kudenga la khitchini kuti utsi uzithamangitsa anankafumbwe. Zotsalazo tinayamba kudya, ndipo sabata ziwiri zilizonse amuna anga ankamanga kathumba panjinga, kutsika ku Liwonde, kuwoloka Shire, mpaka ku Balaka. Ndinkang'ung'udza, komabe ndinkawathirira ndekha. Ndine wolongolola, koma si ine mfiti.

Tsiku lina ndikusonkha moto ndinakweza maso kudenga, n'kupeza mitolo inayi. Ndinawerenganso, poti utsi umanamiza. Inayi ndithu.

"Bambo, mtolo wa mbewu wapita kuti?"

"Ndatenga ine, mayi. Kuja zafika poipa."

"Imeneyo ndi mbewutu."

"Ndikudziwa. Mvula ikadali kutali, tidzapeza ina."

"Tidzaipeza kuti?"

"Mulungu alipo."

"Alipo ndithu, koma pa Nsanama sindinamuone akugulitsa mbewu."

Mawu amenewo ndinapempha nawo chikhululuko pa swala, pemphero lathu lamadzulo, koma maganizo sindinasinthe. Ndinkadziwa kuti mtolo ukachoka umodzi, inayo ikutsatira. Munthu wodya mbewu amakhala wadya chaka chamawa, ndipo chaka chamawacho ana amene adzalire ndi anga.

Lachisanu lotsatira, iwo atapita ku mzikiti, ndinatuma ana kumjigo ndi kuwauza kuti asabwere ndowa zisanadzaze, podziwa kuti pamzere pali anthu mpaka kumsewu. Ndinatsitsa mitolo inayi ija n'kutonola mothamanga mpaka zala kutuluka matuza. Chimanga chinakwana ndowa imodzi yodzaza. Ndinachisakaniza ndi phulusa, n'kuchithira m'zigubu zinayi zomwe kale zinali za mafuta ophikira, n'kutseka zolimba. Makoko ndi zitsononkho ndinatentha. Kenako ndinapita kuseri, ndinapala zowola za m'mphako muja ndi chikwanje, n'kusanjikiza zigubuzo m'katimo. M'mipata ndinathiramo mchenga wouma ndi phulusa, mpaka kuthina. Pakamwa pa mphako ndinamata ndi dothi la pachulu, n'kusalaza ndi dzanja bwinobwino ngati ndikuzira nyumba.

Atabwera anaona kudenga kuli mbee.

"Mbewu ija ndapita nayo kuchigayo," ndinatero. "Inu mwayamba, ine ndamaliza. Ufa tikudyawu ndi womwewo."

Anandiyang'ana, n'kuti, "Ndamva, mayi."

"Kuseri uko ndamata mphako ija. Ndinaona njoka ikulowamo."

"Mwachita bwino."

Bodza loyamba m'banja lathu linali limenelo, ndipo ndinadabwa kuti linatuluka mosavuta chonchija. Ndinangoyamikiridwa nalo.

Dzuwa la mwezi wa Okutobala linafika ndi ukali wake. Ufa unatha. Tinayamba kudya kamodzi patsiku, phala la madeya, tsiku lina mango aawisi ophika, tsiku lina nyika, mizu ya m'madzi ija, zimene azimayi ena ankabwera nazo kuchokera kunyanja ya Chiuta. Matabwa anasiya kugulidwa. Ndani angakhome chitseko m'mimba muli pululu? Amuna anga anapachika macheka n'kuyamba kuswera pakhomo. Ndipo malo amene anasankha kuswera anali pansi pa tsanya pomwepo, msana atatsamiritsa padothi langa lija. Abale, ine ndinkasesa khonde kanayi patsiku kuti ndiziwaona. Iwo ali phee, akusema mipini yoti palibe wodzagula.

Tsiku lina masana kunadutsa kamvuluvulu, wosati wamkulu n'komwe. Tinangomva phwaa! kuseri. Nthambi yaikulu inathyoka n'kugwera pathandala, kuphwanya thandalalo, mpanda wa bafa ndi beseni langa latsopano. Mwana wanga wotsiriza anali atangochoka pamenepo kuthamangitsa nkhuku. Amuna anga anayang'ana pothyokapo, anatapa ndi dzanja, n'kubwera kudzandionetsa ufa wofiirira wonunkha chinyezi.

"Kuwola kwafika m'mwamba, mayi. Mvula yoyamba imabwera ndi mphepo. Mtengo uwu ukagwa, ugwera pachipinda cha ana."

Ndinangoti, "Eeh."

"Tiudule. Thunthu n'lotha, koma nthambi zili ndi makala abwino, ndipo makala a tsanya ku Liwonde amatha dzuwa lisanalowe. Matumba anayi atuluka, mwina asanu. Tigula chimanga, theka pano, theka ku Balaka. Mwini mtengo ndinu, ndiye ndikupempha."

Panalibe cholakwika ngakhale chimodzi m'mawu amenewo. Mitengo ina ya m'mudzi inali itatha kale, anthu atawotcha mpaka zitsa. Wotsala woti tingautchule wathu unali womwewo. Munthu wanzeru akanangoti tengani nkhwangwa. Koma kudula mtengo kunali kutsegula mphako, ndipo zigubu zikaoneka pamaso pa amuna anga, ziwiri zinali zokwera njinga. Ndiye ndinayamba kuteteza mtengo wowola ngati loya.

"Nanga mthunzi?"

"Tizikhala pakhonde."

"Nkhuku zanga zimagona m'menemo."

"Nkhuku yatsala imodzi, mayi."

"Imodziyo si nkhuku?"

"Ndi nkhuku."

"Mayi anga ankaukonda mtengo umenewu."

Iwo anawapeza mayi anga ali moyo ndipo anawamva ndi makutu awo akuutukwana mtengowo chifukwa cha mphalabungu zogwera m'madzi akumwa. Koma malemu satsutsidwa, ndiye anangoti, "Ankaukonda eti."

"Kwambiri. Ndipo nkhani ya mtengo wa makolo sindingaigamule ndekha. Tiitane achimwene."

Ndinkadalira kuti achimwene atenga sabata zitatu kuti abwere, monga mwa masiku onse. Anabwera mawa lake m'mamawa, poganiza kuti kumene kuli mlandu kuli chakudya. Anazungulira mtengowo kamodzi, manja ali kumbuyo, n'kuti, "Alamu akunena zoona. Dulani. Ndipo thumba limodzi la makala likhale langa, poti ndagamula ndine." Ndinawayang'ana mpaka anayamba kukanda khosi. Ndinati mtengo sudulidwa mpaka mvula itagwa, wofuna kudula ayambe wadula ine. Achimwene anati mkazi ameneyu anabadwa choncho, anapempha madzi akumwa, n'kumapita.

Madzulo ake ndinasamutsa mphasa ya ana kuchoka kuchipinda kwawo kupita pabalaza, mbali yotalikirana ndi mtengo. Ndinati kuchipindako kwachuluka nsikidzi. Amuna anga anathandiza kunyamula mphasa osafunsa kanthu.

Mwina mukuti, nanga bwanji sunangotulutsa zigubuzo n'kukabisa kwina, mtengo n'kudulidwa? Ndinaganizapo, musandiyese chitsiru. Kubisa kuti? M'nyumba ana anjala amanunkhiza chimanga kuposa makoswe. Kudenga akuba ankayambira komweko. Kukwirira pansi n'kupatsa chiswe. Kwa achimwene, aaa, bola chiswecho. Komanso mwini nkhwangwa ankaswera pomwepo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo dothi louma ukaliswa silibisika. Malo abwino m'mudzi monse anali m'mimba mwa mtengo woti ukhoza kundiphera ana. Ndinkadziwa zimenezi ndipo ndinkaopa. Kamphepo kakangowomba ndinkatuluka kukauyang'ana ngati maso anga angauchirikize.

Patapita sabata amuna anga anapalasa ulendo wa ku Balaka, atanyamula mango ophika ndi nkhuku ija. Anabwerako tsiku lachitatu. Anaimika njinga, anasamba m'manja, n'kukhala pakhonde.

"Ali bwanji kumeneko?" ndinafunsa.

"Akuluakulu akulimba. Koma kamng'ono kaja katupa mapazi. Tsitsi lafiira. Sikakulira n'komwe, kakungoyang'ana."

Kamng'onoko kanali kamtsikana ka zaka zitatu, chitsirizira cha alamu anga. Sikanali kachilendo kwa ine. Tsiku limene kanabadwa ndinali komweko, ndipo amene anakasambitsa koyamba ndine. Kankanditcha amayi a ku Nsanama.

"Kuchipatala apita nako?"

"Apita. Akuti kakufunika kudya."

Zimenezo tonse tinkazidziwa popanda dokotala. Ndinalowa m'khitchini n'kuyamba kutsuka poto woyera kale.

M'mawa mwake ndinamva akunola nkhwangwa. Ndinatuluka n'kuwapeza ali kuseri, malaya atavula. Ndinakaima pakati pa iwo ndi mtengo, manja m'chiuno, pakamwa nditakonzekera.

"Sindikudula, mayi," anatero. "Mwini wake sanalole. Ndikufuna ndingoumva pomwe kuwola kwafika, kuti mukalola ndidziwe poyambira. Tapatukani pang'ono."

Ndinapatuka. Ndikanati chiyani? Munthu akuletsedwa kugogoda mtengo?

Anayambira m'mwamba, pomwe mkono unafika. Bu! bu! Mgolo wopanda madzi. Anatsika pang'ono, bu! bu! Anatsikanso kufika pachifuwa, chimodzimodzi. Atafika m'chiuno, pamwamba pang'ono pa dothi langa, mtengo unasintha mawu. Unangoti di, mogontha, ngati wamenya thumba lodzaza. Anaima. Anagogodanso, di. Anazungulira kuseri kwa thunthu, anagwada, anayandikiza khutu, n'kugogoda pang'onopang'ono kutsika mpaka pansi. Ine ndinali chiimire. Munthu ameneyu anamva mitengo zaka makumi awiri. Ankadziwa kulira kwa mtengo wa njuchi, wa madzi, wa chiswe. Nanga akanalephera kumva zigubu?

Anadzuka n'kusasa mawondo. Anayang'ana dothi lija nthawi yaitali. Kenako anayang'ana pabalaza, pomwe ana anga atatu anakhala chogundana akudikira ngati pali chophikidwa. Ine sanandiyang'ane.

"Mtengo uwu wachira," anatero.

"Mwati bwanji?"

"Wachira. Wadzaza m'kati. Ukhoza kudikira mvula."

Mtengo wowola suchira. Zimenezo amene anandiphunzitsa ndi iwo omwe. Anavala malaya, anakabweza nkhwangwa kuseri kwa chitseko, n'kupempha madzi osukusula.

Pamenepo mpamene ndinayenera kuyankhula. Ndikanati, bambo, tengani chigubu chimodzi. Chimodzi chokha. Mawuwo anafika pakamwa, ine wosasowa chonena, ndipo ndinawameza. Ndinamvetsa bwino lomwe zimene anachita. Akanaswa dothilo n'kuona chimanga ndi maso, monga malume sakanatha kuchisiya, akanachitenga, ndipo palibe akanawadzudzula. Koma chinthu chimene sunachione si mlandu wako. Anasiya mtengo uli chiimire kuti asaone. Anasankha ana anga, amene pamwambo si awo, n'kusiya mbumba yawo. Ine ndinachita manyazi kwambiri, komanso mtima unakhala pansi. Zonse ziwiri nthawi imodzi. Ndikanama ndikati manyazi ndiwo anapambana.

Tsiku lomwelo anamanga kabulangete ndi khasu, nati akutsata anzawo opita ku Nayuchi, kuwoloka malire, kukagwira ganyu kwa alimi a ku Mozambique amene ankalipira makaka, chinangwa chouma chija. Njinga anaisiya, poti kumeneko ankati imalandidwa m'njira. Anati masiku asanu abwera.

Masiku amenewo pakhomo ndinali ndekha ndi ana. Panalibe wondiyang'ana. Njinga inalipo, njira ya ku Balaka ndinkaidziwa, ndipo wopalasa ndikanamupeza. Kawiri konse ndinapita kuseri ndi khasu m'manja. Ulendo woyamba ndinangoima. Wachiwiri ndinakhokhoza dothi pang'ono m'mphepete, kenako ndinakatunga madzi n'kumatanso pomwepo. Ndinkadziuza kuti makaka akubwera, kamwanako kadikira. Amati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Amene anapeka mwambi umenewo anali atakolola.

Masiku asanu anakhala asanu ndi anayi. Tsiku lachisanu ndi chiwiri kunabwera bambo wina wogulitsa matemba, amene ankayenda pakati pa Chiuta ndi Balaka. Anaima pamsewu osatsika panjinga, anafunsa ngati pano ndi pa ocheka matabwa, n'kuti watumidwa ndi achemwali awo. Kamwana kaja kanamwalira dzulo lake m'mawa, ndipo anaika masana omwewo, poti kwathu kuno maliro sagona. Anapepesa, n'kufunsa ngati ndingagule matemba. Ndinati iyayi.

Amuna anga anafika atasenza theka la thumba la makaka, mapazi atang'ambika. Ndinawalandira katunduyo, ndinawapatsa mpando, ndinadikira amwe madzi. Kenako ndinawauza. Anagwira kapu ija nthawi yaitali.

"Liti?"

"Masiku atatu apitawa."

"Aika kale."

"Aika."

Anadzuka, anayala chiguduli pansi, n'kukhuthula makaka aja. Anawagawa milu iwiri yofanana, akuchotsa apa kuika apo mpaka inalingana. Mulu umodzi anandikankhira, winawo anamanga panjinga. Sanadye. Ndinawauza kuti apume kaye anyamuke mawa, anati amva, n'kukwera njinga.

Anakhalako sabata yathunthu. Pobwera anandipatsa moni wa alamu anga. Akuti akuthokoza makaka, akuthokozanso mtolo wa chimanga uja, akuti akudziwa kuti nafenso tilibe, ndipo Mulungu andidalitse chifukwa si akazi onse amalola amuna awo kuthandiza kwawo. Amuna anga ananena uthenga wonsewo osachotsa liwu, osawonjezera, maso ali pa tcheni cha njinga chimene ankachikonza. Ndikanakonda akananditukwana. Kutukwanizana ndiye ndimakutha.

Za mtengowo ndinene pomwe pano kuti ndithane nazo. Sunagwe chaka chimenecho, ngakhale chotsatira. Palibe anaunenanso kuti udulidwe, ine kapena iwo. Unadzagwa wokha patapita zaka zitatu, tsiku lopanda mphepo, n'kugwera kutchire osapweteka ngakhale buluzi. Makala ake anawotcha achimwene.

Mvula yodzalira inagwa kumapeto kwa Novembala, yambiri, yolowa pansi. Ena m'mudzi anangoiyang'ana pakhonde, poti mbewu anali atadya kalekale. M'mawa mwake ndinatenga khasu, n'kuuza amuna anga kuti, "Bambo, tabwerani kuseri kuno mundithandize." Anabwera. Ndinaswa dothi iwo ali pomwepo, ndinapala mchenga, n'kuyamba kutulutsa zigubu chimodzichimodzi. Iwo ankalandira n'kuika pansi. Sanachite ngati adabwa, inenso sindinachite ngati ndikuwadabwitsa. Anatsegula chimodzi, anathira pang'ono padzanja, anauzira phulusa, analuma njere imodzi.

"Yasungika bwino," anatero.

Inasungikadi. Munalibe nankafumbwe ngakhale mmodzi, munalibe chuku. Ana anafika akuthamanga, maso ali tong'o, ndipo wamkulu anafunsa ngati tikazinga. Ndinamuuza kuti akakhudza njere imodzi adziwanso.

Tinapita kumunda awiriwiri. Iwo patsogolo akukumba mapando, ine pambuyo ndikuponya zitatuzitatu n'kukwirira ndi phazi. Tinamaliza mizere yambiri. Dzuwa litakwera, tili chapakati pa munda, anaima osatembenuka, khasu lili pansi.

"Mayi."

"Bambo."

"Zigubu zinayizi ndi ndowa imodzi?"

"Imodzi yodzaza."

"Ikanakhala ya phala, ikanatha masiku angati?"

Sindinachite kuganiza. Ndinali nditawerengera kale kambirimbiri, ndikusesa, ndikutunga madzi, ndikuswali.

"Kwa banja lonse la ku Balaka, sabata ziwiri ndi theka," ndinatero. "Kwa kamwana kokhako, mpaka mondokwa."

Anagwedeza mutu pang'ono, n'kukumba phando lina. Ine ndinaponyamo zitatu, n'kukwirira.